Tsiku Limene Ndinalambula Khoma

Nkhani iyi ndinkafuna kufa nayo. Koma popeza Yamikani wayamba kale kuiwanditsa pagulu lathu la pafoni, akuithiranso mchere wakewake, bola muimve kwa mwini wake. Sekani ndithu, manyazi ndinadya kale, otsalawa ndi makombo.

Ine ndine Kachingwe, munthu wosakhazikika. Ndinabadwira ku Balaka, kudera la thonje. Sukulu ndinaisiyira panjira, zotsalazo ndinaphunzira ndi maso. Ndagwirapo ntchito m'nkhalango ya paini ku Chikangawa, ndagulitsapo nsapato za kaunjika ku Tete, ndapentapo nyumba za eni ku Joni. Pano imvi zayamba, ndili ku Doha, ndikuyendetsa basi yonyamula antchito a pahotela ina ku West Bay. Mkazi wanga Nachisale amati m'mapazi mwangamu munalowa linthumbu.

Timakhala ku Al Mansoura, m'fulati yakale imene mwini wake anaiduladula tizipinda ndi mabolodi a jipisamu, aja ooneka ngati khoma lenileni koma opepuka ngati chitseko cha kabati. M'fulatimo tonse ndife Amalawi. Chimenechi musachipeputse. Tsiku lonse umakhalira kumva "yalla, yalla," kutanthauza kuti fulumira, dzuwa likukuwotcha ngati uli ndi mlandu nalo, ndiye ukafika pakhomo n'kumva munthu akukalipa m'Chichewa kuti wina wamumalizira shuga, mtima umakhala pansi. Umadziwa kuti ukadali munthu wa kwinakwake.

Kumanzere kwa chipinda changa kumagona a Mbewe, dalaivala wachikulire wa ku Ntchisi, mkulu wa mpingo kwawoko. Kumanja kuli Yamikani, security guard wa ku Ndirande, pakamwa ngati lumo.

Lachinayi lina masana anatulukira Babikir, woyang'anira nyumba yathu. Ndi Msudani wamtali ngati mlongoti, ndipo kulikonse kumene wadutsa amasiyako fungo la lubani.

"Mushkila, my brothers," anatero. Ndiye kuti vuto.

Anafotokoza kuti m'nyumba ina ya m'dera lathu AC, makina oziziritsira m'nyumba aja, inayaka, moto n'kuyenda m'kati mwa makoma mpaka m'chipinda chapamwamba. Tsopano oyendera za moto akulowa nyumba ndi nyumba. Mwini fulati walamula kuti makoma ndi siling'i zathu zikhale ndi fire blocking sabata yamawa isanafike pakati. Amisiri onse atanganidwa, aliyense m'derali akuwalimbirana.

"Nanga tikalephera?" anafunsa a Mbewe.

"Khalas. Flat close. Every man go company camp."

Khalas ndiye kuti basi, zatha. Kampu ya kampani ili kutali m'chipululu, ndipo kumeneko sasankha: amakuponya m'chipinda chilichonse chimene muli bedi. Chichewa ungamachimve m'maloto mokha.

Koma ine khutu langa linali litakola mawu amodzi.

"Babikir, fire blocking imeneyi, is it fire break?"

"Fire block, fire break, same-same, habibi!"

Same-same! Abale, mtima wanga unadumpha, n'kukatera ku Chikangawa. Ndinaona nkhungu ya m'mawa ikukwawa m'mapaini, ndinamva fungo la utomoni, kuzizira kuja kolowa m'mafupa, ife tili pamzere ndi makasu ndi zikwakwa tikulambula fayabuleki. Kapitawo wathu ankatiphunzitsa chinthu chimodzi chokha: moto umayenda pa chakudya. Chotsani udzu, chotsani masamba, siyani dothi lokhalokha, moto ukafika pamenepo ufa ndi njala.

Ndinaimirira.

"Anthuni, musavutike. Za moto ndiye ndinakuliramo."

"Inuyo a Kachingwe?" anatero Yamikani. "Si inu munapsereza ketulo mwezi watha?"

"Iwe, pamene ndinkazimitsa moto wa m'nkhalango n'kuti ukuyamwa chala ku Ndirande."

A Mbewe anandiyang'ana ndi maso achifundo. "Achimwene, ngati mukuidziwadi ntchitoyi, mwatipulumutsa."

Babikir anandilozera sitolo ya zomangira kumene mwini fulati amatengako katundu, nati ndikasankhe ndekha zoyenera.

Mwini sitoloyo anali mkulu wina wachimwenye wa ku Kerala, wamasharubu osamalidwa bwino. Nditamuuza nkhani yanga anandiyalira zinthu zitatu pakauntala. Choyamba chinali chibolodi choyera chopepuka, chonga zija amatchinjirizira firiji yatsopano m'katoni.

"This one for heat only. Fire come, it melt, black smoke. No good."

Ndinagwedeza mutu ngati injiniya. Chimenecho ngakhale ine ndinachikana.

Chachiwiri chinali chachikasu, chawofuwofu, akuti fibreglass. Anati chimayesetsa, koma moto ukakula chimafota n'kusiya mpata. Kenaka anasisita chachitatu ngati akusisita mwana wake. Chinali chotuwa moderako, chokhuthala ngati matiresi.

"Rock wool. Best. Made from stone. Fire see this one, fire go home."

Ndinachitsina. Chofewa. Ndinachinunkhiza. Ndinachiyang'ana mbali zonse. Thonje! Lakuda pang'ono ngati lotoledwa pansi, koma thonje. Ndipo munthu akundiuza ine, mwana wa ku Balaka, kuti thonje limachokera ku mwala, komanso kuti siliyaka! Ine amene ndinaonapo nkhokwe ya thonje ya amalume ikutha phulusa munthu asanamalize kukuwa!

"My friend," ndinatero, "I was born inside cotton."

"Not cotton, sir. Stone."

"Stone iwe! Ndikuponyere pamutu tione ngati utuluke magazi?"

Chichewacho sanachimve, koma nkhope yanga anaimva. "Okay, okay. So which one you take?"

"Nothing."

"Nothing?"

"Nothing is the best material."

Ndinatuluka m'sitolomo nditanyamula sikuludiraiva ndi tsache basi, ndikuyenda monyang'wa ngati munthu amene wapulumuka kwa akathyali.

Lachisanu kuno ndi tsiku lopuma. A Mbewe anapita kutchalitchi, Yamikani anali pa duty ya m'mawa, enawo anabalalika. Ndinatsala ndekha ndi ntchito yanga. Ndinamasula bolodi loyamba la khoma la pakati pa ine ndi a Mbewe, ndipo zimene ndinaona zinandiumitsa pakamwa.

M'khomamo munali modzaza kale ndi chithonje chomwe chija!

"Mayo ine!" ndinakuwa ndekhandekha. "Kodi nthawi yonseyi takhala tikugona pakati pa udzu wouma?"

Chinali chakale, pena chitatsika n'kusiya mipata, pena chitang'ambidwa ndi amene ankadutsitsa mawaya. Pano ndikudziwa kuti chinkangofunika kuwonjezera ndi kutseka mipatayo. Koma tsikulo ndinavula shati, n'kuyamba kulambula.

Ndinazula chonse. Khoma la kumanzere, mbee! La kumanja, mbee! Ndinakwera pampando, n'kutsegula siling'i, n'kupeza kuti pamene khoma limakumana ndi denga anachita kuchikanikiza chothinana. Ndinati apa ndiye pali msampha weniweni. Ndinachisolola ndi manja anga awiriwa, opanda magolovesi. Ndinasesa m'kati monse mpaka fumbi lomaliza. Kapitawo wa ku Chikangawa akanaona akanandikweza udindo.

Chithonjecho ndinachilonga m'majumbo akuluakulu akuda, n'kukasiya pa bini kunja. Mabolodi ndinabwezeretsa bwinobwino, osaoneka kuti panachitika kanthu.

Koma jumbo lomaliza linandigwira mtima. Ndinakumbuka nyengo yokolola kwathu, thonje litaunjikidwa m'chipinda cha mayi kudikira tsiku la msika. Ife ana tinkadziponya pamuluwo, n'kumira mpaka m'khosi, mayi akukalipa panja kuti tilidetsa. Tulo ta pamenepo sindinatipezenso kwina kulikonse, kaya ku Tete, kaya ku Joni. Ndinayang'ana pilo wanga wa kuno, wophwatalala ngati chapati. Ndinamutumbula, n'kumudzaza ndi thonje la m'khoma mpaka anatupa ngati mbuzi yakhuta.

Masana, nditasamba, ndinagona chagada, mutu pa pilo watsopano, AC ikupuma pang'onopang'ono. Ndinamva zitseko zikulira, kusonyeza kuti anzanga abwera, koma sindinalabadire. Khoma lathu linkasunga chinsinsi. Ndinaimbira Nachisale.

"Bambo a Tadala, mwatikumbuka lero?"

"Nachisale, ine ndimakukumbuka ngakhale pa robot, mpaka a kumbuyo amachita kundiimbira hutala."

"Bodza lanulo. Mango aja a kuseri ayamba kupsa. Tadala akuti akusungirani, ndamuuza kuti adzaola."

Mtengo umenewo ndinabzala ndine, koma zipatso zake ndadyako kamodzi kokha.

"Mukubwera liti?" anafunsa.

"Inshallah, chaka chino chisanathe."

"Inshallah wanuyo ndi mwezi wanji? Pa kalendala yathu kuno palibe."

Ndinayamba kukanda m'khosi. Ndinati mwina ndi thukuta. Ndinatsitsa mawu, n'kuwapaka uchi.

"Nachisale wanga, usatero. Kuno kuli nyumba zagalasi zofika kumitambo, koma palibe ngakhale imodzi yowala ngati mpata wa mano akowo. Ndikatseka maso ndimaona kakhosi kako kaja, ndimamva kafungo ka mafuta ako aja a m'botolo lobiriwira. Ine pano ndine kamwana ka nkhuku konyowa ndi mvula, Nachisale. Ndifungatire."

Kumanzere kunamveka mawu a besi, apafupi ngati munthuyo wagona nane bedi limodzi:

"Amen."

Ndinatembenukira kukhoma.

Kumanja, Yamikani: "Alamu! Muwatenge anapiye anuwa, kuno atitopetsa!"

"Bambo a Tadala," anatero Nachisale, "kodi mwandiika pa msonkhano?"

Ndinadula foni. Ndinamva a Mbewe akutembenuza tsamba la Baibulo lawo. Tsamba, abale! Ndinamva Yamikani akumeza mate pofuna kuseka. Khoma lonse linali litasanduka ng'oma.

Ndipo kuyabwa kunafika tsopano ndi abale ake. M'khosi, m'masaya, m'makutu, m'manja monse mpaka m'khwapa. Amene munagwapo m'chitedze mukudziwa chimene ndikunena. Ndinatuluka m'chipinda ndikudzikanda ngati nyani, n'kukumana ndi onse awiri pakhonde lam'kati, ndipo pambuyo pawo panali Babikir, atabwera kudzaona ntchito.

"Finish?" anafunsa.

"Finish," ndinayankha, ndikukanda kuseri kwa khutu.

Anagogoda khoma. Linalira kuti phwo, phwo. Anagogodanso pena. Nkhope yake inasintha.

"What material you put?"

Apa ndinaiwala kuyabwa. Ndinafotokoza zonse, Chingerezi chikathera panjira ndinkapitiriza ndi manja. Ndinanena za Chikangawa, za udzu, za moto wofa ndi njala. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinkaganiza kuti awombera m'manja: "Inside, empty. Clean. Fire come, no food."

Babikir anagwira mutu. Kenaka anati, "Ya Allah," n'kutsika masitepe.

"Wapita kukakutengerani mendulo," anatero Yamikani.

Anabwerera atanyamula kambale kake kofukizira lubani, makala ali psuu. Analowa m'chipinda cha a Mbewe, anamasula chivundikiro cha soketi ya pansi, n'kuika kambaleko pabowopo. Utsi sunazengereze. Unalowa m'khoma ngati waitanidwa.

"Come," anatero.

Tinamutsatira m'chipinda changa. Tinayang'ana kumwamba. Pamene pali babu, utsi unali kutuluka mwaulemu, ukupotana. Tinapita kwa Yamikani: chimodzimodzi. Pasanapite nthawi tinamva wina wa chipinda cha kumapeto akufunsa kuti ndani wayambitsa mapemphero osamuitana.

"Chimney, habibi!" anakuwa Babikir, manja ali m'mwamba. "You make chimney! Every room, free delivery!"

A Mbewe anandigwira paphewa. "Achimwene, munawotchapo njerwa?"

"Kambirimbiri."

"Pa uvuni paja timasiyiranji makomo ndi tinjira m'kati?"

"Kuti moto uziyenda bwi..."

Sindinamalize. Kutchire moto umayenda pa udzu, m'nyumba umayenda pa mpweya. Kwathu ukafuna kuuimitsa umachotsa, kuno umatseka. Ine ndinali nditamangira anzanga uvuni, iwo n'kukhala njerwa.

"Okay, mafi mushkila, we put back," anatero Babikir, kutanthauza kuti palibe vuto, tibwezeretsa. "Where is the wool?"

Tinathamangira pawindo. Pa bini panali mbee. Galimoto ya zinyalala ya kuno siidziwa Lachisanu.

"All gone?"

"Latsala pang'ono," ndinanong'ona.

Ndinalowa m'chipinda n'kutuluka ndi pilo wanga. Babikir anamuyang'ana, anayang'ana khosi langa lotupa, n'kukhala pansi pamasitepe chifukwa cha kuseka. Atapezako mphamvu anasolola kachidutswa m'pilomo, anayatsa laitala, n'kukaika pamoto.

Ndinabwerera m'mbuyo, ndikudikira kuti kalilime.

Sikanayake. Anakagwira pamotopo mpaka chala chake chinatentha. Kanangoda pang'ono, basi.

"Stone," anatero. "They melt stone, they spin like sugar candy. Stone, ya Kachingwe!"

"Ndiye kuti moto ukanabuka lero," anatero Yamikani, akupukuta misozi, "tonse tikanapsa, fulati yonse phulusa, ozimitsa moto n'kudzapeza pilo wa a Kachingwe ali bwinobwino!"

"Ndi mutu wawo," anawonjezera a Mbewe. "Tikanatumiza kumudzi mutu wokha."

Koma kuseka kutatha, tinakumbuka chinthu chimene chinandiwawa kuposa kuyabwa. Oyendera aja anali panjira. Ndinayang'ana nsapato zathu zitandandalikidwa pakhomo, mapoto athu, kawayilesi ka a Mbewe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchoka m'malo mwa kufuna kwanga, osatembenuka. Aka kanali koyamba kuopa kuchotsedwa.

M'mawa mwake ndinabwerera kusitolo kuja. Mkulu wa masharubu anandiona ndikadali pakhomo.

"Ah, cotton man! Nothing is finish? You want more nothing?"

"Rock wool," ndinatero, maso ali pansi.

"Stone or cotton?"

"Stone, bwana. Stone."

Anandipatsanso magolovesi, zophimba pamphuno, ndi machubu a phala lofiira lomatira m'mipata ya mawaya. Atayang'ana khosi langa anawonjezerapo malangizo aulere: ndikasambe madzi ozizira, ndisakande.

Ntchitoyo tinaigwira tonse, aliyense akaweruka. A Mbewe ankadula ndi mpeni wa buledi, Yamikani ankakanikiza m'khoma, ine anandipatsa ya pamwamba, pamene khoma limakumana ndi denga, pomwe paja ndinasolola monyadira. Babikir ankayenda pambuyo pathu ndi kambale kake ka lubani. Utsi ukangotulukira pena, ankaloza osayankhula, ife n'kumasulanso. Yamikani sanaleke.

"A Fayabuleki, apo mwasiya mpata. Kapena mukufuna alamu azimvekabe?"

Oyendera aja anabwera, anatsegula apa ndi apo, anaunika ndi tochi m'siling'i, anagwedeza mitu, n'kupita. Fulati inatsala yathu. Dzina la Fayabuleki lija nalonso linatsala langa. Ngakhale Babikir akandiona amakuwa ali patali, "Salaam, Mister Same-Same!" ngati kuti si iye anayambitsa.

Chodabwitsa n'chakuti khoma latsopanoli latseka kwambiri kuposa lakale. Sindimvanso kanthu. Ndipo ndikuuzeni zoona, pena ndimawasowa masiku ochepa aja a khoma lopanda kanthu m'kati. Tsamba la a Mbewe likutembenuka, Yamikani akung'ung'udza kanyimbo akusita yunifolomu, munthu kutsokomola mbali iyi wina n'kumuyankha mbali iyo. Zinali ngati kwathu, kumene nyumba zimamvana. Masiku ano ndimasiya chitseko chotsegula pang'ono, ndimanamizira kutentha.

Lachisanu lotsatira ndinaimbiranso Nachisale.

"Muli nokha, kapena ndipereke moni kwa mpingo wonse?"

Ndinamufotokozera zonse, kuyambira kusitolo mpaka pa laitala. Anaseka mpaka ndinamva Tadala akufunsa ngati amayi ali bwino. Atapuma anati:

"Ndiye mukuti pilo uja anali wa mwala?"

"Wa mwala, Nachisale."

"Eyaa. Zaka zonsezi ndakhala ndikudabwa kuti ndikamati bwererani kumudzi, mawu anga amakathera kuti. Kodi mwala unapeza mwala unzake!"

Abale anga, munthu akakuuzani ku Doha kuno kuti same-same, yambani mwafunsa kuti same ndi chiyani.